Opera Yatsopano Isamafere pa Usiku Woyamba

Mu Novembala 2010 sukulu ya zoimbaimba ya South African College of Music, yomwe ndi nthambi ya University of Cape Town, inakondwerera kuti yakwanitsa zaka 100 poonetsa maopera asanu atsopano m'nyumba ya zisudzo ya Baxter, ndipo popeza lililonse linali la mphindi pafupifupi 20, onse pamodzi anapatsidwa dzina loti Five:20. Opera ndi sewero lomwe mawu ake amaimbidwa m'malo moyankhulidwa, oimbawo akutsagana ndi okesitira, lomwe ndi gulu la anthu oliza zida zosiyanasiyana motsogoleredwa ndi munthu mmodzi. Lusoli linayambira ku Italy cha m'ma 1600, ndipo mpaka lero nyumba zambiri zoonetseramo opera zimakhalira kubwereza ntchito za anthu amene anamwalira kalekale. Zimene yunivesiteyo inachita mogwirizana ndi kampani ya Cape Town Opera zinali zoyenera, ndipo amene amati sukulu zaukachenjede zisataye ndalama pa masewero oterewa akulakwitsa. Koma akulakwitsanso amene amaganiza kuti yunivesite ikaonetsa opera yatsopano masiku ochepa, anthu n'kuomba m'manja, udindo wake wathera pomwepo, pakuti ntchito yeniyeni imayamba m'mawa mwake.

Masewero asanuwo anatenga nkhani zawo m'dziko lomwe anaonetsedwamo. Bongani Ndodana-Breen anapeka nyimbo za Hani, ndipo mawu ake analemba ndi Mfundi Vundla, yemwe oonera wailesi ya kanema m'maiko a kummwera kwa Africa amamudziwa chifukwa cha sewero la Generations. Mutu wake ndi Chris Hani, mlembi wamkulu wa chipani cha South African Communist Party, amene anawomberedwa pakhomo pake ku Boksburg pa 10 Epulo 1993, kutangotsala chaka chimodzi kuti dzikolo lichite chisankho choyamba cha anthu a mitundu yonse. Hendrik Hofmeyr anapeka Saartjie, sewero lonena za Sarah Baartman, mayi wa mtundu wa Khoekhoe amene anamutengera ku London mu 1810 kuti anthu azikalipira ndalama poona thupi lake, amene anamwalira ku Paris mu 1815, ndipo mafupa ake anabwezedwa kwawo mu 2002. Martin Watt anapeka Tronkvoël m'Chiafrikaans potengera kumangidwa kwa mlakatuli Breyten Breytenbach, pamene Peter Klatzow mu Words from a Broken String anatsata Lucy Lloyd, mayi amene pamodzi ndi Wilhelm Bleek analemba chiyankhulo ndi nthano za anthu a mtundu wa /Xam m'zaka za m'ma 1870, ndipo makope ambiri a ntchitoyo amasungidwa pa yunivesite yomweyo. Sewero lachisanu linali Out of Time la Péter Louis van Dijk. Palibe nyumba ya opera ya ku Milan kapena ku Vienna yomwe ikanadzipatsa yokha udindo woimba nkhani zimenezi, choncho zikanapanda kuimbidwa ku Cape Town sizikanaimbidwa kwina kulikonse.

Chifukwa chomwe makampani odalira malonda a matikiti amazembera opera yatsopano n'chosabisika. Kampani ikafuna kuonetsa La traviata ya Verdi kapena La bohème ya Puccini imapeza zonse zili chikonzekere: mabuku a manotsi alipo, oimba anaphunzira kale mbali zawo, zovala ndi zokongoletsera pansanja zikhoza kubwerekedwa, wopekayo safunanso malipiro, ndipo oonera amagula matikiti chifukwa nyimbozo akuzidziwa. Opera yatsopano imafuna kuti wopeka nyimbo alipidwe kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, wolemba mawu alipidwenso, woliza chida aliyense amulembere mbali yakeyake, masiku oyeserera achuluke chifukwa palibe amene anaimvapo, ndipo pamapeto pake mipando ikhoza kukhala yopanda anthu. Ku South Africa vutoli linakula pamene mabungwe anayi a zisudzo a m'zigawo, omwe boma la tsankho linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1960 n'kumawapatsa ndalama zambiri, anasinthidwa potsatira ndondomeko ya zachikhalidwe ya 1996, moti Cape Town Opera, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, imayenera kudzisakira gawo lalikulu la chuma chake. Yunivesite ili ndi mwayi womwe kampani yotere ilibe, chifukwa oimba ake ndi ophunzira amene ayenera kuimba ndithu kuti alandire digiri, holo ndi yake, aphunzitsi amalandira malipiro ngakhale matikiti asagulidwe, ndipo ingathe kuyeserera sewero limodzi kwa miyezi ingapo. Malo okhala ndi mwayi woyesa chinthu chomwe chingathe kulephera popanda kugwa nacho akasankha kumangobwereza Mozart, ndiye kuti akugwiritsa ntchito molakwika mwayi womwe anthu okhoma misonkho anawapatsa.

Mbiri ya opera m'zaka za m'ma 1900 ikuikira umboni mfundo imeneyi. Columbia University ya ku New York inaonetsa koyamba Paul Bunyan ya Benjamin Britten mu 1941, The Medium ya Gian Carlo Menotti mu 1946, ndi The Mother of Us All ya Virgil Thomson mu 1947, ndipo The Medium inachoka pa yunivesitepo n'kukaonetsedwa ku Broadway chaka chotsatira. Susannah ya Carlisle Floyd, yomwe lero ili m'gulu la maopera a ku America omwe amaonetsedwa kawirikawiri, inayambira pa Florida State University mu 1955, wopekayo ali mphunzitsi wa piyano wa zaka 28. New York City Opera inaitenga mu 1956, koma Metropolitan Opera inadikira mpaka 1999. Ku Africa kuno University of Ibadan inasunga Kola Ogunmola ndi gulu lake kufikira pamene anaonetsa mu 1963 sewero loimba la Chiyoruba lochokera m'buku la Amos Tutuola lotchedwa The Palm-Wine Drinkard, ndipo Chaka ya Akin Euba, yomwe inasakaniza ng'oma za ku West Africa ndi zida za ku Ulaya potsata ndakatulo ya Léopold Sédar Senghor, inamveka koyamba pa chikondwerero cha zaluso cha University of Ife mu 1970. Nyumba zikuluzikulu zimabwera pambuyo kudzatenga zomwe zapambana, koma woyamba kuika ndalama ndi nthawi pa chinthu chosadziwika kawirikawiri amakhala yunivesite.

Otsutsa oyamba ndi aphunzitsi ena a kaimbidwe, amene amati ntchito ya sukulu ya opera ndi kukonzekeretsa wophunzira kuti akapeze ntchito, ndipo popeza pa mayeso olowera m'nyumba za opera za ku Ulaya amafunsa Mozart, Rossini ndi Verdi, miyezi yophunzira sewero lomwe silidzaimbidwanso ndi yotayika. Mfundoyi ili ndi umboni wake, chifukwa sukulu ya ku Cape Town yatulutsa oimba otchuka padziko lonse: Pretty Yende anapambana mpikisano wa Operalia mu 2011, anayamba kuimba ku Metropolitan Opera mu 2013, ndipo anaimba pa mwambo wolonga ufumu Charles III mu 2023, Levy Sekgapane anapambana mpikisano womwewo mu 2017, ndipo Pumeza Matshikiza nayenso anadzera pa sukulu yomweyo. Komabe sukulu yomwe imayesa kupambana kwake powerenga oimba ake amene ali kunja ikufanana ndi dziko logulitsa fodya wosakonza: limalima, limakolola, limasankha tsamba labwino, koma fakitale, dzina la malonda ndi phindu lalikulu zili kwina. Mawu a oimba amakulira m'makwaya a m'matchalitchi ndi m'masukulu a ku South Africa, amasulidwa ndi ndalama za dzikolo, kenako amakatumikira nyimbo za ku Italy m'maholo a ku Germany, pamene opeka nyimbo a kwawo akusowa wowaimbira. Palibe amene angaletse woimba kupita komwe kuli ntchito, koma yunivesite yomwe imasula oimba okha osasula opeka ndi olemba mawu yagwira theka la ntchito yake.

Si zoonanso kuti opera yatsopano siphunzitsa woimba kanthu. Wophunzira amene akukonzekera mbali ya m'sewero lakale amamvetsera zimbale za akatswiri makumimakumi ndipo nthawi zambiri amangotsanzira, pamene wopatsidwa mbali yomwe palibe anaimbapo ayenera kuwerenga manotsi payekha, kuganizira khalidwe la munthu amene akumuyimira, ndi kukambirana ndi wopeka amene ali moyo ndipo angathe kusintha mzere womwe sukukhala bwino pakhosi. Umu ndi momwe oimba a m'nthawi ya Mozart ndi Verdi ankagwirira ntchito, pakuti maopera amene lero akutchedwa akale anali atsopano pamene ankalembedwa, ndipo mbali zambiri zinalembedwa poganizira mawu a woimba wodziwika.

Palinso ntchito ya kafukufuku yomwe malo ena sangaigwire. Chizulu ndi Chixhosa, monganso Chichewa ndi Chiyoruba, ndi ziyankhulo zomwe kukwera ndi kutsika kwa liwu kumathandiza kusiyanitsa matanthauzo, kotero kuti nyimbo yomwe ikukwera pomwe chiyankhulo chikutsika imapotoza mawu, monga zinkachitikira ndi nyimbo zambiri za m'tchalitchi zomwe amishonale anamasulira n'kuzisiya m'maimbidwe a ku Ulaya. Kaimbidwe ka opera, komwe woimba amayenera kumveka pamwamba pa okesitira popanda chokuzira mawu, kanakonzedwa potengera mavawelo a Chitaliyana, ndipo funso la momwe kangagwirizanire ndi ziyankhulo za ku Africa limafuna akatswiri a chiyankhulo, opeka nyimbo ndi aphunzitsi a kaimbidwe kukhala pamodzi. Sizinangochitika mwangozi kuti Princess Magogo kaDinuzulu, opera ya m'Chizulu yomwe inaonetsedwa ku Durban mu 2002, inapekedwa ndi Mzilikazi Khumalo, amene anali pulofesa wa ziyankhulo za ku Africa pa University of the Witwatersrand ndipo anafufuza za kakwezedwe ndi katsitsidwe ka liwu m'Chizulu. Anthu a maluso atatuwo amapezeka pamalo amodzi pa yunivesite pokha.

Otsutsa achiwiri amachokera mbali ina, ndipo mawu awo anamveka kwambiri pa University of Cape Town pomwepo mu 2015, pamene ophunzira a gulu la Rhodes Must Fall anachititsa kuti chiboliboli cha Cecil Rhodes chichotsedwe pa 9 Epulo, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho zionetsero zokana kukwera kwa fizi zinafalikira m'dziko lonse. Iwo amati opera ndi luso la atsamunda, ndi lodula, ndipo silingaikidwe patsogolo pamene ophunzira ena akulephera kulipira sukulu. Dandauloli lisapeputsidwe, chifukwa boma la tsankho linagwiritsadi ntchito opera ngati chizindikiro chakuti Azungu ndi otukuka: nyumba ya zisudzo ya Nico Malan, yomwe lero ndi Artscape, inatsegulidwa mu 1971 kuti muzilowa Azungu okha. Koma mbiri yomweyo ikusonyeza kuti anthu amene ankatsekeredwa kunja sanadikire chilolezo, popeza gulu la Eoan, lomwe linayambira ku District Six mu 1933, linaonetsa La traviata mu 1956, ndipo lero oimba opera ambiri a m'dzikolo ndi anthu akuda ochokera m'makwaya. Kuwauza achinyamata amenewa kuti luso lomwe alisankha si lawo ndiko kubwereza mawu omwe boma la tsankho linkawauza.

Ngati vuto ndi lakuti opera imanena nkhani za eni ake m'ziyankhulo za eni ake, mankhwala ake ndi kupeka ina, osati kutseka sukulu. Filimu ya U-Carmen eKhayelitsha, yomwe inalandira mphotho yaikulu ya Golden Bear ku Berlin mu 2005, inaonetsa kuti Carmen ingaimbidwe m'Chixhosa n'kukoma, koma nyimbo zake ndi za Bizet ndithu, ndipo kusintha chiyankhulo ndi zovala sikuwonjezera wopeka ngakhale mmodzi m'dziko. Pa nkhani ya ndalama, opera yaifupi ya oimba ochepa ndi okesitira yaing'ono siidya chuma chofanana ndi cha sewero lalikulu ngati Aida, kotero amene akufuna kuti sukulu isawononge ndalama ayenera kukhala oyamba kuikira kumbuyo ntchito zatsopano zazing'ono.

Komabe adani oopsa a opera yatsopano ndi abwenzi ake omwe. M'maiko ambiri muli chizolowezi chakuti opereka thandizo, akuluakulu a sukulu ndi atolankhani amakondwera ndi mawu akuti sewero likuonetsedwa koyamba padziko lonse, chifukwa mawuwo amakometsa lipoti la pachaka, koma palibe amene amafuna kulipirira ulendo wachiwiri, womwe ulibe ulemu wotere. Zotsatira zake n'zakuti sewero lomwe latenga zaka ziwiri kulipeka limaimbidwa masiku atatu kapena anayi, manotsi ake n'kutsekeredwa m'kabati, ndipo sukulu imadikira chikondwerero china kuti iitanitse latsopano. Chizolowezichi chimapha ntchito isanakhwime, chifukwa opera siidziwika bwino ili papepala. Wopeka amazindikira pomwe nkhani ikuchedwa kapena pomwe okesitira ikumiza woimba akaiona pamaso pa anthu. Madama Butterfly ya Puccini inanyozedwa ku La Scala mu Febuluwale 1904, ndipo inapambana ku Brescia mu Meyi chaka chomwecho wopekayo ataikonzanso. Fidelio ya Beethoven inaonetsedwa mu 1805, inakonzedwa mu 1806, n'kukonzedwanso mu 1814 isanakhazikike. Paul Bunyan, yomwe olemba ndemanga sanaikonde ku Columbia, Britten anaibisa mpaka 1976, chaka chomwe anamwalira. Ngati akatswiri oterewa ankafunika mwayi wachiwiri, n'kupanda chilungamo kuweruza wopeka wamakono ndi usiku umodzi.

Nkhani ya Scott Joplin ikuonetsa chomwe chimapulumutsa opera. Iye anasindikiza ndi ndalama zake buku la mawu ndi piyano la Treemonisha mu 1911, anamwalira mu 1917 asanaione ikuonetsedwa mokwanira, ndipo manotsi omwe analembera okesitira anatayika. Pamene Morehouse College ndi Atlanta Symphony Orchestra anaionetsa mu 1972, T. J. Anderson anachita kulembanso mbali za zida kuchokera m'buku losindikizidwalo, ndipo mu 1976 Joplin anapatsidwa ulemu wa Pulitzer atamwalira kale. Chomwe chinapulumuka ndi chomwe chinasindikizidwa, pamene chomwe chinali m'kope limodzi chinapita. Nayonso Chaka ya Euba inadikira mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti chimbale chake chituluke. University of Cape Town ikudziwa bwino kuopsa kosunga chuma cha maphunziro pamalo amodzi, popeza moto wa pa 18 Epulo 2021 unatentha chipinda chowerengera cha laibulale ya Jagger pamodzi ndi mabuku ndi mafilimu ambiri a maphunziro a za Africa.

Choncho yunivesite yoitanitsa opera yatsopano iyenera kuika mu bajeti yomweyo zinthu zomwe sizioneka pa usiku woyamba. Manotsi onse, a oimba ndi a okesitira, akonzedwe bwino ndi kusindikizidwa kuti sukulu ina iliyonse ithe kuwabwereka pa mtengo wotsika. Seweroli lijambulidwe mawu ndi zithunzi mwaluso n'kusungidwa m'malo angapo. Wopeka alonjezedwe kuti pakapita zaka ziwiri kapena zitatu lidzaonetsedwanso atalikonza. Ndipo nyimbo zina za m'menemo zilowe m'silabasi kuti wophunzira aliyense aziimbako pa mayeso ake pambali pa Mozart. Mayunivesite omwe ali ndi nthambi za zoimbaimba angathenso kugwirizana kuti sewero limodzi liziyenda pakati pawo, m'malo moti aliyense azilimbirana ulemu woonetsa chinthu koyamba. Ndipo popeza holo ya Baxter ili ku Rondebosch pamene oimba ambiri ndi makolo awo amakhala m'madera ngati Khayelitsha ndi Gugulethu, opera yaing'ono yomwe ingathe kunyamulidwa kupita m'maholo a m'maderawo ili ndi mwayi wopeza oonera kuposa yomwe imafuna nsanja yaikulu.

Pali udindo winanso womwe ndi wowawa, womwe ndi kunena zoona za ntchitoyo. Maopera ambiri atsopano a ku South Africa atsamira pa miyoyo ya anthu otchuka a m'mbiri, monga Mandela Trilogy ya Cape Town Opera ndi Winnie ya Ndodana-Breen yomwe inaonetsedwa ku Pretoria mu 2011, ndipo ngozi yake ndi yakuti ulemu womwe anthu amapereka kwa munthu wa m'nkhaniyo umasanduka chishango cha nyimbo, moti wonena kuti gawo lina ndi lofooka amaoneka ngati akunyoza ngwazi. Sewero silikhala labwino chifukwa chakuti mutu wake ndi wolemekezeka. Yunivesite, yomwe imaunika pepala lililonse la kafukufuku lisanasindikizidwe, iyenera kuunikanso opera yake ndi mtima womwewo, poitana akatswiri ochokera kwina kuti alembe poyera zomwe zayenda ndi zomwe sizinayende, ndi polimbikitsa olemba mawu kutenganso nkhani za anthu wamba, zoseketsa ndi zachikondi zomwe, zimene sizidalira dzina lalikulu kuti zikope oonera.

Makhonsolo oyendetsa mayunivesite ndi mabungwe opereka thandizo ali ndi mphamvu yosintha zonsezi posintha funso lomwe amafunsa kumapeto kwa chaka. Akamafunsa kuti ndi masewero angati omwe aonetsedwa koyamba, adzalandira masewero ambiri a masiku atatu. Ayenera kufunsa kuti mwa maopera omwe sukulu inaitanitsa zaka khumi zapitazo ndi angati omwe asindikizidwa, ndi angati omwe aimbidwanso ndi gulu lina, ndiponso ndi ophunzira angati omwe akumaliza maphunziro akutha kuimba nyimbo ya wopeka wa m'dziko lawo amene adakali moyo. Sukulu yomwe singathe kuyankha mafunso amenewa isapatsidwe ndalama za sewero lina latsopano kufikira itabwerera ku lomwe inalisiya m'kabati.